MNENI WA CINGELEZI "POTENTIATE": TANTHAUZO LACE NDI MAGWIRITSIDWE ACE

Nkhani yokambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Kabanana, Lusaka



Mphunzitsi wa kumudzi ali ndi nchito ziwiri. Yoyamba ndiyo ya coko ndi bolodi, imene alandirirapo malipiro pakutha pa mwezi. Yaciwiri ndiyo yopanda malipiro, ndiko kukhala maso a anthu osadziwa Cingelezi. Kalata ikacokera ku Boma, ibwera kwa mphunzitsi; mwana akaitanidwa ku koleji, cikalata cace cibwera kwa mphunzitsi; ndipo kapepala kopindapinda kamene kapezeka m'kabokosi ka mankhwala, ka malemba ang'onoang'ono onga nyerere, nako kafika pakhomo pa mphunzitsi madzulo, pamodzi ndi pempho lakuti, "Aphunzitsi, tationerani zimene alemba apa." Izi zicitika ku midzi ya ku Katete ndi ku Petauke, zicitikanso kuno ku Kabanana, ku Chazanga ndi ku komboni ya Chipata, kumene anthu ambiri agula mankhwala m'masitolo asanaonane ndi dotolo.

Pa timapepala totere pali mneni wina amene sapezeka m'mabuku owerenga a ku pulaimale, ndipo ngakhale Angelezi eni ace samchula kawirikawiri pocezerana. Mneniyo ndiye "potentiate". Wina angafunse kuti, Kodi msonkhano wa aphunzitsi utayirenji nthawi pa liu limodzi lacilendo, pamene ana ambiri akali kulephera "is" ndi "are"? Yankho lace ndi ili: mwana wolakwa pa "is" ndi "are" ataya malikisi awiri, koma mphunzitsi wolakwa pomasulira "potentiate" akhoza kutayitsa moyo wa munthu amene anamkhulupirira. Cifukwa cace nkoyenera kuona kumene mneniyu anacokera, cimene atanthauza, umo asiyanira ndi anzace ofanana naye, ndi umo angamasuliridwe m'Cinyanja comveka.

1. KUMENE MNENIYU ANACOKERA

Muzu wace uli m'Cilatini, m'liu lakuti "potentia", ndiko kuti mphamvu, kapena kukhoza. Pa muzu womwewo panaphuka mau ena amene aphunzitsi awadziwa kale: "potent", camphamvu, "impotent", copanda mphamvu, "omnipotent", wamphamvuyonse, "potential", mphamvu imene ikali kugona, yosayamba kuoneka, ndi "potentate", mfumu yolamula ndi dzanja lolemera. Kumapeto kwa mneniyu kuli "-ate", monga m'mau akuti "activate" ndi "motivate", ndipo nchito ya kacidutswa aka ndi kusandutsa dzina kapena mfotokozi kukhala mneni.

Mmodzi wa oyamba kumlemba m'Cingelezi ndiye Samuel Taylor Coleridge, wolemba ndakatulo wa ku England. M'buku lace la Biographia Literaria, la mu 1817, anamlemba "potenziate", nanena poyera kuti ndi mneni watsopano. Ndipo olemba madikishonale ati anatsanzira mneni wa Cijeremani. Coleridge anali kunena za nzeru zakuya za maganizo a munthu, koma m'kupita kwa zaka mneniyu anasamuka, nakamanga mudzi pakati pa madotolo, osakaniza mankhwala ndi ofufuza za thupi. Kumeneko ndiko akhala kufikira lero.

Kachulidwe kace kali ndi maphatikizo anai: po-ten-shi-eit, ndipo liu likwera pa "ten". Wolankhula Cinyanja azolowera kukweza liu pa phatikizo loyandikana ndi lomariza, ndi kuonjezera lemba la liu kumapeto. Motero angati "potentiyeti". Nkofunika kukumbukira kuti "ti" wa pakatiyo amveka "shi", monga m'mau akuti "negotiate" ndi "initiate". Dzina locokera kwa mneniyu ndi "potentiation", ndipo cinthu cocita nchitoyo ndi "potentiator".

2. TANTHAUZO LACE

Dikishonale yaing'ono imasulira mneniyu kuti "kuonjezera mphamvu". Kumasulira kotere sikunama, komatu nkosakwanira, pakuti kubisa cimene cimsiyanitsa ndi aneni ena. Citsanzo cabwino ciri pa khomo lirilonse la m'Kabanana dzuwa likapendeka. Mai asonkha makala pa mbaula, makala amene a kuno awacha malasha. Moto wagwira, koma uli zii, ndipo madzi a nsima acedwa kutentha. Mwana atenga cibvundikiro ca mphika nakupiza, kapena anyamula mbaulayo naiika pa mphepo. Posacedwa makala afiira psuu, madzi nayamba kuwira. Tsono caphika nsima nciani? Mphepo payokha siingathe kufunditsa ngakhale madzi a m'supuni, ndipo wokupiza mphika popanda makala adzagona ndi njala. Moto uli m'makala. Mphepo yangocititsa moto womwewo kugwira nchito koposa muyeso wace wa poyamba. Osula makasu akale anadziwa comweco: mvukuto ulibe moto, koma popanda mvukuto citsulo sicifewa.

Paliponse pamene mneniyu aoneka pali zinthu zitatu. Coyamba, cinthu cokhala ndi mphamvu yaceyace kale, monga makala oyaka. Caciwiri, cinthu cina cimene cifika ndi kukulitsa mphamvuyo, monga mphepo. Cacitatu, cotulukapo, cimene ciposa cimene coyambaco cikadacita pacokha. Wowerenga akapeza zitatuzi m'ciganizo, wamvetsa ciganizoco. Cimodzi cikamsowa, abwerere awerengenso.

Akatswiri a mankhwala ndi a poizoni afotokoza izi ndi masamu amene mwana wa Giredi 2 angawaconge kuti ngolakwa. Ziwerengero zace ndi zofanizira cabe, koma zithandiza:

2 + 3 = 5. Mankhwala awiri aphatikiza mphamvu zao monga mwa masamu wamba. Uku acha "additive effect".

2 + 3 = 10. Onse awiri ali ndi mphamvu, koma pamodzi aposa kuphatikiza wamba. Uku ndi "synergism", ndipo makolo anakunena bwino m'mwambi wakuti cala cimodzi siciswa nsabwe, pakuti zala zonse ziwiri zipanikiza.

0 + 3 = 9. Cimodzi pacokha sicicita kanthu pa nchitoyo, koma cikulitsa mphamvu ya cinzace. Uku ndiko "potentiation" kwenikweni; ndiyo mphepo ndi makala.

3 + 3 = 1. Cimodzi cifooketsa cinzace. Uku ndi "antagonism", kotsutsana ndi ziwiri zapitazo.

Kunena zoona, madotolo ambiri polemba sasunga malire a pakati pa mzere waciwiri ndi wacitatu. Iwo ati "potentiate" paliponse pamene cinthu cimodzi cikweza mphamvu ya cinzace, kaya cokwezaco ciri ndi mphamvu yaceyace kaya ciribe. Mphunzitsi adziwe matanthauzo onse awiri, lopapatiza ndi lotakata, pakuti adzakomana nao onse.

3. KODI CINYANJA CITI BWANJI?

Pali liu limodzi la makolo limene liyandikira kwambiri, ndilo cizimba. Asing'anga a mizu ati mankhwala ena, ngakhale akumbidwe ndi kusinjidwa bwino, sagwira nchito kufikira atatsirapo kanthu kena kakang'ono kowadzutsa, ndipo kanthuko ndi cizimba. Ganizo lace ndi lomwe lija la mphepo ndi makala, ndipo izi zisonyeza kuti wolankhula Cinyanja safuna kuphunzitsidwa ganizolo. Ali nalo kale. Koma liuli lisenza katundu wina wolemera. Limveka za kukhwima ndi za ufiti, ndipo anthu akalimva akumbuka nkhani zoopsa za opha anzao pofuna zizimba. Motero lingathandize mphunzitsi kumvetsa ganizolo m'mutu mwace, koma siliyenera kutuluka pakamwa pace pomasulira pepala la kucipatala, kuopa kuti wodwala angayese mapiritsi ace ndi za matsenga.

Thandizo lenileni liri m'malamulo a Cinyanja. Cilankhulo ici ciri ndi msintho womcititsa, umene Cingelezi ciribe: kula, kulitsa, limba, limbitsa, yaka, yatsa, ledzera, ledzeretsa, gona, gonetsa. Pamene Mngelezi afuna mneni wacilendo wa maphatikizo anai, Mnyanja angoika "-itsa" kapena "-etsa" pa tsinde. Pa aneni onsewa woyenera koposa ndi "kukulitsa", malinga wolankhula achule cimene cikulitsidwa: kukulitsa mphamvu yogonetsa, kukulitsa mphamvu yakupha tizirombo, kukulitsa ululu. Mneni wakuti "kulimbitsa" ngwoopsa pano, pakuti m'khutu la Mnyanja kulimbitsa ndi cinthu cabwino nthawi zonse: alimbitsa nyumba, alimbitsa ukwati, alimbitsa mtima wa wofedwa. Koma "potentiate" sasankha. Akulitsa cociritsa ndi cakupha comwe, monga mphepo ikoleza moto wa pa mbaula ndi moto wa pa denga la udzu.

4. PAMENE KUKULITSAKO KUPULUMUTSA

Zitsanzo zinai zikwanira, ndipo zonse zipezeka m'zipatala ndi m'nyumba za dziko lino.

Coyamba ndi Septrin, amene ena amdziwa ndi dzina lakuti Bactrim, ndipo dzina lace la kucipatala ndi co-trimoxazole. M'piritsi limodzi la munthu wamkulu muli mankhwala awiri: sulphamethoxazole mamiligalamu 400 ndi trimethoprim mamiligalamu 80, ndiko kuti magawo asanu pa gawo limodzi. Tizirombo ta bakiteriya tifuna cinthu cochedwa folate kuti tiswane, ndipo ticipanga tokha mwa njira ya makwerero otsatizana. Mankhwala oyamba atseka njirayo kumtunda, aciwiri naitseka kumunsi, monga asodzi awiri ochinga mtsinje pawiri. Amodzi paokha angoimitsa kuswana kwa tizirombo. Awiri pamodzi akhoza kutipha. Mu 1968 akatswiri awiri, S. R. M. Bushby ndi George Hitchings, analemba za trimethoprim namucha "sulphonamide potentiator", ndipo Hitchings analandira mphotho ya Nobel mu 1988 kaamba ka nchito yace yopeza mankhwala.

Mankhwalawa ali ndi mbiri yao mu Lusaka muno. Pa cipatala cacikulu ca University Teaching Hospital, Profesa Chifumbe Chintu ndi anzace anayesa co-trimoxazole pa ana 534 okhala ndi kacirombo ka HIV, a caka cimodzi kufikira zaka 14. Theka linalandira mankhwalawa tsiku ndi tsiku, theka lina linalandira ofanana nao maonekedwe koma opanda mphamvu. Mwa olandira co-trimoxazole anamwalira 28 pa 100 alionse. Mwa enawo anamwalira 42 pa 100 alionse. Kusiyanaku kunali koonekeratu kotero kuti kuyesako kunaimitsidwa mu 2003 nthawi yace isanakwane, kuti ana onse alandire mankhwala enieni. Zotsatira zace zinasindikizidwa m'magazini ya madotolo ya The Lancet mu 2004, ndipo caka comweco mabungwe a WHO, UNAIDS ndi UNICEF analangiza maiko kuti azipatsa ana otere mankhwalawa. Ana ambiri a m'maiko akutali ali moyo cifukwa ca cimene cinayesedwa mu mzinda uno.

Caciwiri ndi Augmentin. Mankhwala a amoxicillin apha bakiteriya, koma tizirombo tina tipanga cida cao, cochedwa beta-lactamase, cimene ciphwanya mankhwalawo asanafike. A kampani ya Beecham ku England anapeza cinthu cina cochedwa clavulanic acid, cimene pacokha ciri ndi mphamvu yocepa kwambiri yakupha tizirombo, koma cigwira cida cija ndi kucimanga manja. Pamenepo amoxicillin agwira nchito yace momasuka. Awiriwa anayamba kugulitsidwa pamodzi mu 1981. Awa ndiwo masamu a 0 + 3 = 9.

Cacitatu ciri m'mankhwala a ma ARV. Ciwindi ca munthu ciphwanya msanga mankhwala a lopinavir, kotero kuti akamwedwa okha sakhalitsa m'mwazi. Akawasakaniza ndi ritonavir pang'ono, mamiligalamu 50 pa mamiligalamu 200, ritonavir acedwetsa ciwindi pa nchito yace yophwanyayo, ndipo lopinavir akhala nthawi yokwanira kulimbana ndi kacirombo. Anamwino pa kiliniki ati mankhwalawa ndi "boosted". Mabuku ena ati "potentiated". Ganizo ndi limodzi.

Cacinai cipacikidwa pamwamba pa mphasa. Maukonde ochinjiriza udzudzu anyikidwa m'mankhwala a mtundu wa pyrethroid, koma m'madera ambiri a Africa udzudzu unayamba kupirira, pakuti thupi lace lisungunula mankhwalawo usanafe. Tsono pali maukonde ena oonjezerapo piperonyl butoxide, ofupikitsidwa kuti PBO. Ameneyu pa muyeso wa pa ukonde sapha udzudzu, koma aletsa thupi la udzudzu kusungunula pyrethroid. Atayesedwa m'boma la Muleba ku Tanzania, maukondewa anacepetsa malungo mwa ana koposa maukonde wamba, ndipo bungwe la WHO linawabvomereza mu 2017.

5. PAMENE KUKULITSAKO KUPHA

Apa ndipo pagona nkhani. Ciganizo cimene mphunzitsi adzakomana naco kawirikawiri pa timapepala ta mankhwala ndi conga ici: "Alcohol may potentiate the sedative effect of this medicine." Mau otere alembedwa pa mankhwala ogonetsa ndi oodzeretsa: Piriton, amene anthu amwa pa cimfine ndi pa kuyabwa, diazepam, amene ena amdziwa kuti Valium, ndi phenobarbitone, amene apatsidwa kwa odwala khunyu. Onsewa acedwetsa nchito ya ubongo, ndipo mowa ucita cimodzimodzi. Akakomana m'thupi limodzi, woyendetsa minibasi amene anamwa piritsi limodzi ndi botolo limodzi akhoza kuodzera pa ciongolero ngati wamwa mabotolo ambiri. Ndipo pa diazepam ndi phenobarbitone kupuma komwe kukhoza kufooka munthu ali m'tulo, osadzukanso.

Tsono mphunzitsi wofulumira aona muzu wa "potent", nakumbuka kuti ndi mphamvu, nati kwa bambo wobwera ndi pepalayo, "Akuti mowa ulimbitsa mankhwalawa." Sananame konse, koma bamboyo amva ciani? Amva kuti mowa ndi bwenzi la mankhwala, kuti kapu ya kacasu idzawathandiza kugwira nchito msanga. Ndipo pocoka pamenepo alunjika ku shabini ali wokondwa kuti aphunzitsi abvomereza. Cenjezo lasanduka cilolezo cifukwa ca mneni mmodzi. Boma la Zambia linaletsa tujilijili, timapaketi ta mowa waukali, mu 2012. Komabe mowa waukali sunathe m'makomboni ndi m'midzi, ndipo ngozi iyi ikalipo. Kumasulira koyenera ndi uku: "Mankhwalawa agonetsa. Mowa ukulitsa kugonetsako kufikira pa muyeso woopsa. Musamwe mowa pamene muli kumwa mankhwalawa."

Ngakhale Septrin yemwe, amene anapulumutsa ana aja, ali ndi mbali yace yoopsa. Odwala ena a mtima ndi a mitsempha amwa warfarin, mankhwala oletsa mwazi kuundana. Co-trimoxazole akulitsa mphamvu ya warfarin, ndipo womwa awiriwa pamodzi wosauza dotolo akhoza kukha mwazi wosaleka. Mneni ndi yemweyo, mankhwala ndi omwewo. Kusiyana kuli pa cimene cakulitsidwa.

6. ANZACE OFANANA NAYE

Cingelezi ciri ndi aneni ambiri amene Cinyanja cingawamasulire onse kuti "kulimbitsa" kapena "kuonjezera", ndipo mphunzitsi acita bwino kuwaika m'mizere pa bolodi la m'mutu mwace.

"Strengthen" ndiye mneni wamba, woyenera pafupifupi paliponse: thupi, mlatho, ubale, cikhulupiriro.

"Reinforce" ndi kulimbitsa poonjezerapo zina zogwiriziza, monga womanga aika zitsulo m'konkire, kapena mkulu wa nkhondo atumiza asilikari ena kumene anzao acepa.

"Fortify" poyamba anali kumanga linga; lero anenedwanso za cakudya cothiridwa zofunika m'thupi. Shuga wa pa tebulo m'Zambia anayamba kuthiridwa vitamini A mwa lamulo mu 1998, ndipo pa paketi alemba "fortified". Vitaminiyo sakulitsa kutsekemera kwa shuga; angokwera pamsana pace. Cifukwa cace apa "potentiate" sayenera.

"Aggravate" ndi "exacerbate" ndi kukulitsa coipa cokha, monga pfumbi la mwezi wa September likulitsa cifuwa ca mphumu. Munthu sanganene aneniwa za cinthu cabwino.

"Boost" ndi "enhance" ndiwo abale apafupi, ndipo m'makambidwe a masiku onse alowa m'malo mwa "potentiate" popanda bvuto.

Otsutsana naye ndi "inhibit", "weaken" ndi "antagonise". Mkaka ucepetsa kulowa m'thupi kwa mankhwala a tetracycline. Ndipo rifampicin, wa cifuwa cacikulu ca TB, afooketsa mapiritsi olera, kotero kuti mai akhoza kuima ali kumwa mapiritsi ace mokhulupirika. Aneni awa nao ngoyenera kumasulira mosamala.

7. MAGWIRITSIDWE ACE M'CIGANIZO

Lamulo loyamba: "potentiate" ndi mneni woyambukira, ndipo afuna pamtherankhani nthawi zonse. Ciganizo cakuti "The medicine potentiated" ncoduka mcira. Womva adzafunsa kuti, Yakulitsa ciani?

Lamulo laciwiri: pamtherankhani wace akhale mphamvu, nchito, kapena mankhwala okhala ndi mphamvuyo. Mau obwera pambuyo pace kawirikawiri ndi "effect", "action", "response" ndi "toxicity". Khoma silikhala pamtherankhani wace, ngakhale munthu. Wolemba kuti "The builder potentiated the wall" afuna "reinforced". Wolemba kuti "My mother potentiated me to work hard" afuna "encouraged".

Lamulo lacitatu, ndilo lofunika koposa kwa womasulira: ayang'ane ngati ciganizo ciri m'kacitidwe ka wocita kapena ka wocitidwa. M'ciganizo cakuti "Co-trimoxazole potentiates warfarin", woyamba ndiye mphepo, waciwiri ndiye makala. M'ciganizo cakuti "Warfarin is potentiated by co-trimoxazole", malo asinthana, ndipo mphepo ndi imene itsata kaliu kakuti "by". Wowerenga mothamanga atembenuza nkhani yonse.

Lamulo lacinai: asasokonezedwe ndi "potential". Mwana wolemba kuti "This boy has great potentiate" wagwira mneni m'malo mwa dzina.

Lamulo lacisanu likhudza malo ace. Aphunzitsi adziwa umo ana a m'makalasi apamwamba akondera mau ataliatali. Mwana akatola liu lacilendo m'dikishonale, afuna kulibvala tsiku lomwelo ngati malaya a Khirisimasi, nalilowetsa m'kalata yopempha nchito ndi m'cimangirizo conena za ulendo wa kwa agogo. Mneni uyu kwao ndi ku cipatala, ku sitolo ya mankhwala ndi m'mabuku a sayansi. Kunja kwa malo awa amveka ngati munthu wobvala jekete la dotolo ku maliro. Wolemba amene afuna kumveka asankhe "strengthen" kapena "increase". Ndipo mphunzitsi amene aconga zimangirizo asapatse malikisi liu cifukwa ca kutalika kwace.

8. MNENIYU M'KALASI

Pali malo amodzi pamene liuli likhudza nchito ya coko ndi bolodi. Mu 1966, mu mzinda wa Oslo ku Norway, mnyamata wofufuza za ubongo, Terje Lømo, anali kuyesa akalulu, pa mbali ya ubongo yochedwa hippocampus, imene igwira nchito yaikulu pa kukumbukira. Anapeza kuti akagunda njira ya mitsempha ndi timagetsi tambiri totsatizana msangamsanga kwa kanthawi kocepa, pambuyo pace kagetsi kamodzi kokha kanali kudzutsa yankho lalikulu koposa poyamba, ndipo kukulako kunakhala maora ambiri. Iye pamodzi ndi Timothy Bliss wa ku England anasindikiza zimenezi mu 1973, ndipo cinthuco cidziwika lero ndi dzina lakuti "long-term potentiation". Akatswiri ambiri aciyesa cimodzi ca maziko a kuphunzira ndi kukumbukira.

Zinthu zitatu zija zirimonso: njira ya mitsempha iri ndi mphamvu yace kale, kugundagunda kuikulitsa, ndipo cotulukapo ndi yankho loposa loyamba. Mphunzitsi wa kumudzi sazizwa nazo, pakuti adziwa kuti njira ya kucitsime siilambulidwa ndi khasu. Mapazi opitapo m'mawa ndi madzulo ndiwo aiyeretsa, ndipo ikasiyidwa dzinja limodzi imera udzu. Phunziro la Lolemba limene silibwerezedwa kufikira mayeso liri ngati njira yosiyidwayo. Nayenso mphunzitsi akumbuke malo ace pa mbaula: moto uli mwa mwana, ndipo nchito ya mphunzitsi ndi kukupiza. Wokupiza mwaulesi asiya makala kuzilala. Wokupiza mwaukali amwaza phulusa m'ndiwo.

9. ZOYENERA KUCITA

Munthu akabwera ndi kapepala ka mankhwala, ndipo mneniyu aonekapo, mphunzitsi acite zinai izi.

Coyamba, awerenge ciganizo conse kawiri, napeze zinthu zitatu zija: camphamvu nciti, cokulitsa nciti, ndipo cokulitsidwa nciani.

Caciwiri, aone mutu umene ciganizoco ciri pansi pace. Cikakhala pansi pa "Warnings", "Precautions" kapena "Interactions", ndi cenjezo, ndipo cimasuliridwe ndi mau a cenjezo.

Cacitatu, anene m'Cinyanja cosazungulira cimene cidzacitika m'thupi, kaya ndi tulo, cizungulire, kapena kukha mwazi, ndi cimene munthuyo ayenera kuleka. Liu lakuti "kulimbitsa" alisiye.

Cacinai, adziwe pothera nzeru zace. Mphunzitsi amasulira mau. Salamula muyeso wa mankhwala, ndipo sauza munthu kuleka kapena kuonjezera zimene dotolo anampatsa. Munthu akamwa mankhwala a mitundu iwiri kapena itatu, ngakhale ena akhale a mizu, amtumize ku kiliniki ndi mabokosi ace onse m'manja, kuti namwino kapena wopereka mankhwala awaone pamodzi. Makolo anati safunsa anadya phula. Ndipo mphunzitsi wonena kuti, "Bambo, apa mukafunse kucipatala," sanacepe, koma wasunga ulemu wa nchito yace ndi moyo wa mnansi wace.

Ana a m'makalasi apamwamba akhoza kuphunzitsidwa zomwezi m'phunziro limodzi la Cingelezi kapena la sayansi, ndi mbaula yeniyeni pabwalo la sukulu ndi timapepala tenitweni ta mankhwala tocokera kunyumba. Sikufunika kuti alowetse mneniyu m'zolemba zao; cofunika ndi cakuti tsiku limene amai ao adzawapatsa kapepala kuti awerenge, amzindikire, naime, nanene zoona.